Tsiku limene anandigwira ndikuyeza mapazi a apongozi

Pali anthu m'mudzi muno amene mpaka lero akandiona ndikubwera amachoka pafumbi n'kukaima paudzu. Moni amandipatsa bwinobwino, za mwana amafunsa, koma maso ali pansi kuona ngati asiyapo phazi. Sindiwadandaula. Ndikanakhala iwo nanenso ndikanatero. Chomwe ndikufuna n'choti nkhaniyi imveke kamodzi kuchokera kwa mwiniwakene, chifukwa imene ikuyenda kuchigayo yafika poti ndinali ndi nsupa ndi mchira wa fisi, chikhalirecho ine ndinali ndi kope ndi pensulo basi. (Chabwino, ndi phulusa pang'ono. Tifikako.)

Ndine mtengwa kuno cha ku Lisasadzi. Pakhomo pano tilipo atengwa awiri, ine ndi mayi a Dalitso, mkazi wa alamu anga aakulu. Apongozi athu, a Namwale, amuna awo anamwalira kale, ndipo ali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, lija losauma ngakhale mu Okutobala. Chaka chatha, tikusoka fodya m'chigafa tonse atatu, anangoyankhula maso ali pa singano:

"Dimba lija landikulira. Fodya akachoka pakhomo pano ndipereka kwa mmodzi wa inu."

Sanatchule dzina. Anapitiriza kusoka ngati anena za mvula. Ine ndi mayi a Dalitso sitinayang'anizane, koma ndinamva singano yawo itayamba kuthamanga.

Dimbalo ndinkalifuna zosati masewera. Mwana wanga Yankho anali ndi chaka ndi miyezi inayi, ndipo mzere wake pa kadi ya kusikelo unali utasiya kukwera, ukungoyenda chogona miyezi itatu. Anamwino ankati ndizimuikira masamba m'phala tsiku lililonse. Kunena n'kosavuta. Kwathu kuno munda wonse ndi fodya ndi chimanga, ndipo mvula ikatha ndiwo zamasamba zimatha nayo, kupatula kwa amene ali ndi dimba.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangopita kukagwada n'kupempha. Ndiye kuti a Namwale simukuwadziwa. Mayi amenewa si ouma mtima ayi, koma ali ndi masiku awo. Ukapempha tsiku labwino akhoza kukupatsa ndi nkhuku yomwe. Ukapempha tsiku loipa amati "ayi", ndipo ayi wawo sabwereranso, ngakhale iwo eni atafuna. Bambo a Yankho anapemphapo ngolo ya malemu bambo awo tsiku lolakwika. Ngoloyo inaolera pansi pa mtengo wa mango tonse tikuona. Ndiye ndinkadziwa kuti mwayi wanga ndi umodzi, ndipo ndinkangoyendayenda nawo mumtima ngati nkhuku yofuna poikira.

Masiku omwewo kunabwera Tadala, mlongo wawo wa bambo a Yankho, amene amaphunzira kukoleji ku Lilongwe. Tsiku lina tikusenda maungu pakhonde anandionetsa foni yake.

"Alamu, taonani. Dzulo ndangoganiza za nsapato, lero yandibweretsera nsapato. Foni iyi imandidziwa kuposa amayi."

"Ili ndi mizimu?"

"Ayi, imawerenga. Chilichonse chimene ndakhudza imasunga. Kusukulu tikuphunzira zomwezo. Khalidwe la munthu mumaligawa zigawo, kaya kupsa mtima, kaya kuchezeka, chigawo chilichonse n'kuchipatsa nambala. Mukaphatikiza, masamu amakuuzani kuti munthuyo mawa adzatani."

"Munthu aliyense?"

"Aliyense."

"Ngakhale amayi anu?"

Anaseka mpaka dzungu linagubuduka kupita pabwalo. "Iii alamu, amayi ndiye kompyuta ingapse!"

Iye anaseka n'kuiwala, Lolemba anakwera minibasi n'kumapita. Ine sindinaiwale. Sukulu ndinalekera sitandade seveni, koma pa masamu ophatikiza ndi ochotsa sindinkakwapulidwa. Komanso ndinadzifunsa kuti kodi chachilendo n'chiyani pamenepa? Posankha fodya ndimayang'ana tsamba kamodzi, utali wake, mtundu wake, mabala ake, ndadziwa kale mulu wake. Kusikelo anamwino amaika kadontho mwezi uno, kadontho mwezi wamawa, n'kukuuza kumene mwana akulowera. Nanga apongozi angakanike bwanji kuikidwa timadontho?

Ndinatenga kope lakale la bambo a Yankho la kukalabu ya alimi, ndinang'amba masamba olembedwa, n'kulemba pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti NAMWALE. (Taonani kupusa. Dzina la munthu wamoyo, pa kope lobisa pansi pa mphasa.)

Sabata yoyamba ndinangoyang'ana. Sabata yachiwiri ndinakhazikitsa malamulo. M'mawa uliwonse amayi ankayamba ndi malikisi faifi. Akamwa tiyi wa shuga, onjezani awiri. Akamanga duku lamaluwa onjezani limodzi, akamanga lakuda chotsani limodzi. Akamaimba nyimbo ya kutchalitchi pomwaza gaga wa nkhuku, onjezani limodzi. Wailesi ikanena kuti fodya akubwezedwa ku okushoni, chotsani awiri. Ndipo mayi a Dalitso akafika m'mamawa kudzakhala pakhonde n'kuyamba madandaulo awo a amuna awo, chotsani atatu. Lamulo lomalizali sindinalipeke ndi nsanje, ndikulumbira. Ndinaona kanayi konse.

Kenako ndinayamba kuyesa ndi tizinthu ting'onoting'ono. Ndikaphatikiza malikisi, ndinkapita kukabwereka kanthu: sefa, chipande, mchere, kampeni kosokera. Ndikabwerako n'kulemba "inde" kapena "ayi" pambali pa nambala ya tsikulo. Zinthu zina ndinali nazo m'nyumba mwanga, ndinkangobwereka chifukwa cha kafukufuku. Tsiku lina ndinapezeka ndi masefa awiri ndi zipande zitatu, ndikusowa pobisa.

Koma anthuni, zinkatheka! Kuyambira seveni kupita m'mwamba, inde. Kuyambira folo kutsika, ayi. Pakatipo zinkangodalira mwayi. Tsiku lina bambo a Yankho akuvala nsapato kuti akapemphe malata awiri otsala kwa amayi awo, ndinawagwira malaya.

"Musapite lero. Ali pa fili."

"Ali pa chiyani?"

"Pa fili. Akana."

Anandiyang'ana ngati ndadwala malungo a m'mutu, n'kupita. Sipanathe mphindi zisanu anabwerako akukanda m'khosi.

"Mwadziwa bwanji?"

Ndinawaonetsa kope. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenako anatseka msangamsanga n'kuyang'ana kukhomo.

"Amake Yankho, ichi chiotcheni."

"Koma mwaona kuti chikugwira?"

"Ndaona. N'chifukwa chake ndikuti chiotcheni. Ine sindinachione, ndipo musadzanditchule."

Ndinachiotcha? Ndinagula pensulo yatsopano.

Vuto linali lakuti dimba si sefa. Pa chinthu chachikulu chotero seveni sinkandikwanira, ndinkafuna tsiku loti zonse zakhala m'malo mwake. Ndiye masiku a seveni ndi eyiti ankabwera n'kudutsa, ine ndili duu, kudikira. Uku fodya akuuma m'chigafa, mikangala yopachikapo fodya ikutsitsidwa, kusankha kwayamba. Belo loyamba litadindidwa mtima unandithawa. Lole ikangobwera kudzanyamula mabelo, nthawi yatha. Ndinasiya kukhazikika. Ndikakhala pansi kusankha fodya, khosi lili cha kwa apongozi. Ndikateleka nyemba, ndathamangira kuseri kwa nkhokwe kukamvera ngati akuimba. Nyemba zinapserera kawiri. Tsiku lina ndinasakaniza fodya wa pansi ndi wa nsonga mulu umodzi, ine amene anthu amandibwereka kukawasankhira.

Apa m'pamene ndinaganiza kuti m'malo modikira tsiku labwino, bwanji osalipanga ndekha.

Za shuga zinali zosavuta. Ndinkatapa wathu n'kukapereka, "Amayi, watsalako uyu." (Kwathu tinamwa tiyi wa mbulanda masabata awiri. Bambo a Yankho ankangoyang'ana kapu, n'kuyang'ana ine.) Duku lakuda ndinalichapa osatumidwa, n'kuliyanika mochedwa kuti m'mawa lipezeke lonyowa. Wailesi ndinaichotsa batire imodzi n'kuitembenuza mutu, moti amayi anaimenyamenya n'kunena kuti zinthu za masiku ano sizilimba. Nyimbo ndinkaiyamba ndine posesa, motsitsa mawu, mpaka iwo aitole. Chotsala chinali mayi a Dalitso. Amenewo ndinawauza kuti ndamva kuti pa msika wa Lachinayi kwabwera kaunjika wa ana wotsika mtengo, koma amatha m'mamawa. Ananyamuka tambala asanatsike, ulendo wa maola awiri wapansi. Kaunjika kunalibe. Mulungu andikhululukire.

Lachinayi limenelo zonse zinagwirizana. Faifi, shuga awiri, duku lamaluwa limodzi, nyimbo limodzi. Naini! Chiyambireni kope silinafikepo pamenepo. Ndinamanga chitenje chabwino, ndinabereka Yankho, ndinafika mpaka pakhonde n'kugwada. Koma mantha anandiuza kuti ndiyambe ndaponya kamwala kaye.

"Amayi, ndimati ndibwerekeko mtondo."

"Mtondo?" Nkhope inasintha ngati kumwamba kwa Janyuwale. "Pakhomo panu pali chiyani chanuchanu? Dzulo sefa, dzana chipande, lero mtondo. Mawa mudzabwereka ndi mano anga omwe. Ayi!"

Ndinabwerera chambuyo. Pa naini! Ndikanatchula dimba bwenzi nkhani itathera pomwepo. Ndinakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse ndikuphatikiza mobwerezabwereza, kufunafuna pomwe ndaphonya. Madzulo ndinawaona amayi akupita kukatsekera mbuzi, ndipo ndinazindikira. Ankayenda timapazi tifupitifupi, mwendo wamanzere akuukoka. Bondo! Bondo lawo lija limawawa kukachita chinyezi, ndipo iwo savomera. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amati "ndili gwa" ngakhale akulumira mano.

Munthu wanzeru akanaona apa kuti munthu ali ndi zambiri zosalowa m'kope. Ine ndinaona kuti kope langa likusowa mzere umodzi wokha. Ndinalemba: mapazi aafupi chotsani anayi, mapazi aatali onjezani limodzi. Tsopano teni inali yotheka.

Koma kufupika n'kutani, kutalika n'kutani? Maso amanama. Pamafunika muyeso. Ndinatenga ulusi umene unatsala nditaluka chipewa cha Yankho. Unali wofiira, chifukwa ndi umene unalipo. Ndinamanga mfundo zitatu: yoyamba ya tsiku loipa, yachiwiri yapakati, yachitatu ya tsiku labwino. M'mawa uliwonse ndinkasesa pabwalo pa apongozi, monga mtengwa amayenera, ndipo amayi akadutsa kupita kukhola ndinkawerama msanga kuyeza kuchokera chidendene cha phazi lina kukafika chidendene cha linzake.

Pabwalo pawo ndi pouma gwa, mapazi sankaoneka bwino. Ndiye ndinayamba kuwazapo phulusa pang'ono panjira ya kukhola.

Ndikudziwa. Musandiuze, ndikudziwa. Ndinakulira m'mudzi, ndinamva kuyambira ndili mwana kuti wofuna kukupweteka amatapa dothi la paphazi lako. Ndikanaona mkazi wina akuchita zimene ndinkachitazo, ndikanakuwa ndine woyamba. Koma m'mutu mwanga munali manambala okhaokha. Phulusa ndinkaliona ngati choko, ulusi ngati lula ya kusukulu. Zoti pali njira ina yoonera zinthu zomwezo zinandichoka kotheratu.

Loweruka kunamveka kuti lole ibwera Lachiwiri. Lolemba m'mawa ndinadzuka mtima uli m'malere, ndikudziwa kuti ndi lero kapena mawa basi. Kunali kachisanu konyowa, kaja kofewetsa fodya. Ndinasesa, ndinawaza phulusa, ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Amayi anatuluka, duku lakuda (linali litauma, ndinaiwala kulichapa), n'kudutsa kupita kukhola. Ndinathamanga, Yankho ali kumbuyo, kope m'khwapa, n'kugwada pamapazi paja. Ulusi unafika pa mfundo yoyamba yokha. Sindinakhulupirire. Ndinayezanso phazi lachiwiri, lachitatu, ndikukwawa ndi mawondo. Ndinafuna kudziwa ngati n'chinyezi chachititsa, ndiye ndinatapa kadothi pakati penipeni pa phazi n'kukafikisa m'zala, monga timachitira poona ngati nthaka yalowa madzi. Pakamwa ndikung'ung'udza, "Namwale faifi, chotsani limodzi, Namwale folo, chotsani anayi..."

"Mayooo! Anthuni bwerani mudzaone!"

Anali mayi a Dalitso, ndowa ili pamutu, aima cha pamtengo wa mango. Ndowa inagwa. Ine ndinatembenuka ndili chigwadire, dzanja lina ulusi wofiira wa mfundo zitatu, lina dothi la paphazi la apongozi, mawondo ali mbuu ndi phulusa. Ndipo mawu oyamba amene anatuluka pakamwa panga, pa mawu onse a m'dziko muno, anali akuti:

"Musakuwe, ndatsala pang'ono kumaliza."

Anakuwa kawiri kuposa poyamba.

Sipanathe nthawi pabwalo panadzaza. Amayi anabwerako kukhola n'kuima pataliko, akuyang'ana mapazi awo paphulusa, kenako ine. Sanakalipe. Zimenezo ndiye zinandiopsa kwambiri. Anangoti, "Kaitaneni a Chirwa." A Chirwa ndi mkulu wa mpingo wathu, mphunzitsi wopuma, ndipo anabwera ndi Baibulo ndi magalasi omangidwa ndi waya. Anthu ena anawabalalitsa, koma sanapite patali, anangosanduka otola nkhuni kuseri kwa mpanda.

Tinakhala pakhonde. Ulusi ndi kope anaziika pakati pa mphasa, aliyense atafutukira kutali ngati pali njoka. Bambo a Yankho anakhala pakampando maso ali kudenga, akuwerenga mapaso.

"Ndakhala ndikuona," mayi a Dalitso anayamba. "Vuto la bondo la amayi lakula liti? Si chiyambire iwowa kusesa kuno? Duku la amayi amalichapa okha, amakalichitira chiyani? Sefa, chipande, mpeni, chilichonse chimene amayi agwira, iwowa abwereka. Wailesi inafa yokha. Ine ananditumiza kumsika kopanda kanthu kuti atsale okha ndi amayi. Lero ndawapeza akutapa phazi, akutchula dzina. Zonsezi chifukwa cha dimba!"

Anthuni, ndinamvetsera mndandanda umenewo ndipo ndinaona kuti palibe bodza ndi limodzi lomwe. Ndinayamba kudziopa ndekha.

"Amake Yankho," a Chirwa anatero mofatsa, "m'bukumu muli chiyani?"

"Masamu, abambo."

"Masamu."

"Eya. Bambo a Yankho akudziwa."

"Ine ndinati chiotcheni," anayankha mwamuna wanga, maso akadali kudenga. Umboni wake unathera pomwepo.

A Chirwa anapemphera kaye, kenako anatsegula kope ndi nsonga ya chala. Anawerenga. Anakonza magalasi. Anatsegula tsamba lina, tsopano ndi dzanja lonse. Ndinaona dzanja lawo likupita kuthumba la malaya kumene kumakhala cholembera chofiira, n'kubwerera.

"Mayi Namwale," anatero, "izi si zamdima ayi. Izi ndi... Amake Yankho, werengani nokha. Mokweza."

Ndikanakonda akanandimenya. Ndinawerenga, mutu uli pansi. Ndinafotokoza za Tadala ndi foni, za faifi wa m'mawa, za shuga. Pa duku amayi anagwira kumutu. Pa nyimbo wina anaseka kuseri kwa mpanda. Pa wailesi ndinaulula za batire, ndipo a Chirwa anatumiza kuti ibwere, anatembenuza batire ija, wailesi n'kuyamba kuimba pakati pa mlandu. Anaizimitsa msanga. Kenako ndinafika pamzere wina n'kuima.

"Pitirizani," anatero amayi.

"Apa pafufutika, amayi."

"Sipanafufutike," anatero a Chirwa. "Ndikuonapo bwinobwino."

Ndinawerenga: "Mayi a Dalitso akabwera kudzacheza m'mamawa... chotsani atatu."

"Atatu!" mayi a Dalitso anadumpha. "Wailesi awiri, ine atatu? Ndaposa okushoni ine?"

Kuseri kwa mpanda nkhuni zinagwa, anthu akuseka osabisanso. Ndinasuzumira amayi. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, koma anapagwira.

"Ndiye masabata onsewa," anatero pang'onopang'ono, "ine ndimati ndapeza mtengwa wa ulemu. Wosesa, wochapa, wopatsa shuga. Osadziwa ndikusankhidwa ngati fodya. Mumafuna mundidinde belo?"

"Ayi amayi. Ndimafuna tsiku loti ndipemphe dimba. Ndimaopa ayi wanu. Mwanayu sakukwera sikelo, akuti azidya masamba."

Yankho, amene anagona mlandu wonse, anadzuka n'kuyamba kukoka ulusi wofiira uja. Palibe anamuletsa.

"Chabwino," amayi anatero. "Lero ndili ndi malikisi angati?"

"Amayi, pepani..."

"Ndafunsa. Phatikizani."

Ndinaphatikiza ndi zala, anthu onse akuona. "Faifi. Tiyi simunamwe, ndiye palibe. Duku lakuda, folo. Nyimbo simunaimbe. Mayi a Dalitso abwera, wani. Mapazi aafupi, chotsani anayi..." Ndinakakamira. "Ziro, amayi. Sizingachotseke."

"Zimachotseka," a Chirwa analowerera, uphunzitsi utawagwira. "Pansi pa ziro pali manambala, mayi. Apa ndi mainasi fili."

"Mainasi fili," amayi anabwereza, ngati akulawa mankhwala owawa. "Ndiye bukulo likuti mukapempha dimba pa mainasi fili, ine ndichita chiyani?"

"Likuti mukana, amayi."

"Likutsimikiza?"

"Pansi pa folo silinaphonyepo."

"Ndi kamodzi komwe?"

"Ndi kamodzi komwe, amayi."

Ndinali nditataya kale mtima, n'chifukwa chake ndinkayankha zoona zokhazokha. Ndinkangoganiza kuti ndikatola katundu wanga ndiyambira chiyani, mapoto kapena zovala za mwana. Amayi anayang'ana kope, anayang'ana a Chirwa, anayang'ana mitu yosuzumira pampanda. Mphuno zinatukuka.

"Ine Namwale," anatero, "ndabereka ana seveni, ndalima fodya zaka zoposa zanu, mwamuna wanga anamwalira asanandidziwe. Lero ndidziwike ndi kope la masamba ong'ambika? Anthu azikanena kuchigayo kuti Namwale amayenda monga lanenera buku la mtengwa wake?" Anamenya mphasa ndi chikhatho. "Dimbalo tengani! Ndipo mulembe m'menemo kuti lanama. A Chirwa, abwerekeni cholembera chofiira."

Ndinalemba: Lolemba, mainasi fili, inde.

"Ndiye kuti mphotho yotapa mapazi ndi dimba?" mayi a Dalitso anafunsa, misozi ili m'maso.

"Inu khalani chete," amayi anayankha. "Mumandichotsera atatu."

Kope linaotchedwa tsiku lomwelo, a Chirwa akuyang'anira (anapempha tsamba limodzi kuti akasunge, amayi anakana). Kwa mayi a Dalitso ndinapita ndekha kukagwada, chifukwa za kaunjika zija ndinawalakwira zedi, ndipo anali ndi chifukwa chokuwira. Anandisiya chigwadire nthawi yaitali ndithu. Ndinawagawira mabedi atatu kumunsi kwa dimba, kumene kuli chinyezi chambiri. Timayankhulana tsopano, koma akafuna kupita kwa amayi m'mawa amadutsa pakhomo panga n'kukuwa, "Konzekani, ndikukachotsa atatu!"

Dimba ndikulima. Muli mpiru, bonongwe, tomato ndi nyemba, ndipo Yankho amadya phala lobiriwira akuchita tsinya. Koma mtendere ndilibe. Amayi tsopano amandisokoneza dala. Amamanga duku lakuda uku akuimba. Amamwa tiyi wopanda shuga pakhonde akundiyang'ana m'maso, n'kumwetulira. Podutsa pakhomo panga amaponya mapazi aatali ngati msilikali, akakhota kuseri kwa nkhokwe ndimawamva akubuula.

A Chirwa anandilangiza kuti phunziro lake ndi lakuti munthu si nambala, ukafuna kanthu umangopita n'kukapempha ndi ulemu. Ndinavomera, ndipo ndimapitadi. Kungoti poyamba ndimati, "Amayi, ndikudziwa kuti mukana, koma..." Pa mtondo zinatheka. Pa mbewu ya anyezi zinatheka. Kachitatu, ndikupempha keni yothirira, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Mwadziwa bwino. Ndakana."

Ziwiri pa zitatu. Sindinalembe paliponse, ndinalonjeza pamaso pa mkulu wa mpingo. Ndikungodikira kachinayi kuti ndione.